Ndinalowa ngati kalaliki, anandikhazika ngati nduna

Ofesi yathu inasamuka mu Ogasiti. Kwa zaka 9 tinali pamwamba pa sitolo ina ya nsalu ku Old Town kuno ku Lilongwe, m'zipinda ziwiri zomwe mawindo ake ankayang'ana poimikira minibasi, moti kasitomala akamafotokoza vuto lake la msonkho, pansipo kondakitala naye anali kalikiliki kuitanira a ku Kawale ndi ku Biwi. Abwana atapeza nyumba ku Area 47 yoti tiisandutse ofesi, ntchito yogula mipando anaiponyera ine. Tilipo anthu 6: abwanawo, owerengetsa ndalama atatu, ine woyang'anira ofesi ndi kulandira alendo, ndi mnyamata wotumikira amene amakolopanso m'mawa uliwonse. Katundu wakale sakanatha kuyenda nafe. Madesiki awiri anali ataimira pa njerwa, ndipo mpando wanga unali ndi khalidwe lotsika wokha pang'onopang'ono. M'mawa ndinkayamba ntchito ndili wamtali, pofika 4 koloko chibwano chili pa kiyibodi.

Ndineneretu kuti ndine mwana wa kalipentala. Bambo anga anapala matabwa ku Dedza moyo wawo wonse, ndipo ine ndinakula ndikusesa utuchi. Ndikalowa m'sitolo ya mipando, dzanja langa limapita lokha kunsi kwa tebulo, kumene wogulitsa sayembekezera kuti munthu angagwireko. Mukamawerenga zomwe ndalembazi muzikumbukira zimenezo, chifukwa mwina ndine wovuta kuposa kasitomala wamba.

Showroom imene ndinapitako, sitolo yoonetsera ndi kugulitsa katundu wa mu ofesi, ili m'mbali mwa msewu wina waukulu, kutsogolo kwake galasi lokhalokha. Dzina lake ndilisunga. Pali zina zomwe zinandinyansa, ndipo sindikufuna kuti mtsikana amene anandithandiza bwino kwambiri aitanidwe kwa abwana ake chifukwa cha pakamwa panga.

Amene munagulako katundu wa mu ofesi m'tauni muno mukudziwa mmene masitolo ambiri amakhalira. Mipando imaunjikidwa ngati matumba a chimanga, ina itazondotsedwa pamwamba pa madesiki, yonse ili m'mapulasitiki ake, pakati pali kanjira koti mudutse cham'mbali. Mukafuna kuyesa mpando, ayambe aitana mnyamata adzautsitse, ndipo mumakhalapo mwamanyazi pulasitiki ikulira kunsi kwanu. Kumene ndinapitaku zinthu anaziganizira mwa mtundu wina. Chipinda chonsecho anachigawa kukhala timaofesi. Mukangolowa mumakumana ndi polandirira alendo: kauntala yokhota, duwa mumphika, masofa awiri ndi katebulo ka magazini. Mukapitirira pang'ono pali madesiki anayi olumikizana, ogawidwa ndi timakoma tofika m'chifuwa munthu atakhala pansi, pa desiki iliyonse pali kompyuta yosagwira ntchito ndi kapu ya zolembera. Kenako chipinda cha misonkhano chotchingidwa ndi galasi, tebulo la anthu 10, bolodi loyera pakhoma. Kumapeto kwenikweni, pokwera sitepe imodzi, ndi kumene kuli ofesi ya bwana: kapeti wofewa, desiki yakuda yotambalala, mpando wautali kumsana, shelefu ya mabuku, wotchi. Anakhomerera ngakhale msomali pamwamba pa mpando, pamalo pomwe m'maofesi athu pamakhala chithunzi cha pulezidenti. Msomali umenewo unandiseketsa ndekha. Amene anakonza malowa amawadziwa Amalawi.

Palibe muvi wolozera njira, koma mapazi amangotsata okha. Matailosi a m'njira ndi otuwa, a m'timaofesi ndi ooneka ngati matabwa, ndiye munthu umayenda m'motuwamo ngati ukutsata msewu, ndipo msewuwo umakutenga kuchoka pa zotchipa kukafika pa zodula. Mipando wamba ya alendo, ya miyendo yachitsulo ija imene ofesi iliyonse imagula yambiri, anaibisa kuseri, kufupi ndi chimbudzi. Ndinachita kuifunsa. Sindikuwadzudzula, malonda ndi momwemo, koma mukadzapita mudzadziwe kuti zomwe mwadzera mwina zili kumbuyo kwa khoma.

Anandilandira ndi mnyamata wa tayi, waulemu, wosakakamira. Anandisiya ndizungulire ndekha kwa kanthawi, zomwe ndimayamikira, chifukwa wogulitsa woyenda pachidendene amandichititsa kutuluka msanga. Nditafika pa sitepe ija ndi pamene anatulukira.

"Mayi, takhalani apa mumve kaye."

"Ayi achimwene, ine ndabwerera madesiki a antchito."

"Kukhala n'kwaulere, mayi."

Ndinakhala. Mpando unandimeza, mapazi sanafike pansi, kutsogolo kwanga desiki ikunyezimira ngati madzi a padziwe. Kuchokera pamenepo showroom yonse imaoneka ili pansi pako, madesiki anayi aja ngati a anthu ako oti uwakodole ndi chala. Kwa mphindi ziwiri ndinali nduna, ndipo ndinayamba kuwerengera mumtima ngati ndalama za abwana zingakwane. Sitepe imodzi yokha, koma ntchito imene imagwira ndi yaikulu kuposa ya wogulitsa aliyense.

Chimene chinandidzutsa ndi magetsi. Anazima, ndipo jenereta isanalire panadutsa kanthawi koti chipinda chiwale ndi dzuwa lokha la pagalasi lakutsogolo. Desiki ija inasintha nkhope. Nyali zimene zili pamwamba pake ndi zachikasu pang'ono, zolunjika pa thabwa lenilenilo, ndipo zimapangitsa mtundu wakudawo kuoneka wakuya ngati mbawa yopakidwa vanishi katatu. Zitazima ndinaona kuti mizere ya thabwalo ikubwerezabwereza mofanana, mfundo yomweyo apa, yomweyonso apo. Mtengo sumera choncho. Ndinagwada n'kulowetsa dzanja kunsi, kumbuyo kwa madilowa, ndipo chala chinakhudza mphepete yokhakhala. Chipboard. Kwa amene simukuidziwa, ndi tizidutswa ta matabwa ndi utuchi zosakaniza ndi guluu n'kuzitsindira kukhala thabwa, kenako pamwamba amamatapo chikopa chopyapyala cha melamine chojambulidwa maonekedwe a mtengo. Chikomekome cha mkuyu, anatero akuluakulu.

Koma ndisachite ngati ndagwira wakuba. Palibe amene anandiuza kuti ndi mbawa, ndinadzinamiza ndekha mothandizidwa ndi mababu. Ndipo chipboard si yoipa paliponse. Siipindika ngati thabwa laliwisi, pamwamba pake sipachedwa kupukuta, ndipo madesiki ambiri a m'maofesi padziko lonse ndi a zimenezi. Mdani wake ndi madzi. Ikamwa madzi imafufuma ngati chitumbuwa ndipo sibwereranso, masikuluwu amayamba kugwedera, chikopa chija chimasupuka. Tsopano ganizirani ofesi ya kwathu kuno, kumene chikolopa chonyowa chimadutsa pansi tsiku lililonse 7 koloko isanakwane. Desiki imene mbali zake zimafika pansi penipeni imamwa pang'ono lero, pang'ono mawa. Madesiki athu akale aja anafika poimira pa njerwa chifukwa cha zimenezi. Mu showroom simungazione, chifukwa desiki ya bwana ili pa kapeti, ndipo pa kapeti sipafika chikolopa.

Nditafunsa za zimenezi, mnyamata uja sanazembe koma anati aitane "wa design". Anatuluka mtsikana wochepa thupi, wa nsapato zafulati, tepi ili m'thumba la jini. Uyu ndiye chifukwa chake ndikulemba zabwino za sitoloyi. Anandiyankha mosabisa kuti inde ndi chipboard, n'kundionetsa kusiyana kwake: pamwamba pa madesiki odula ndi pa mamilimita 25, pa otchipa ndi 16, ndipo a 16 amayamba kugwa pakati mukawasenzetsa pulinta ndi mafayilo. Anandiuza ndiziyang'ana lamba womata m'mphepete, ngati ndi wokhuthala komanso ngati wazungulira mbali zonse, ngakhale zosaoneka. Anandilozera madesiki a miyendo yachitsulo n'kunena kuti, "Kwa ofesi yokolopa, amayi, tengani awa." Anali otchipa kuposa amene ndinkayang'ana. Za nyali anandifotokozeranso: zachikasu zija ndi za 3000 Kelvin (muyeso wa mtundu wa kuwala), zimakometsa matabwa ndi nkhope za anthu, pomwe za pa madesiki a antchito ndi za 4000, zoyera, zoti maso asalemere powerenga manambala. Anati iye ndi amene anasankha kuti ziikidwe motero. Sanachite nazo manyazi, ndipo sindikuona chifukwa choti achite.

Sitoloyi ili ndi dongosolo loti wokonza za m'katiyu abwere kudzayeza ofesi yanu n'kujambula pulani. Mumalipira, koma mukagula katundu kwa iwo ndalamayo amaichotsera pa mtengo. Pa zonse zimene tinalipira, iyi ndiye ndalama imene sindikudandaula nayo ngakhale tambala.

Anabwera Lachiwiri m'mawa. Nyumba yathu ndi ya zipinda zogona zitatu, yomangidwira banja, ngati maofesi ambiri a ku Area 47, Area 3 ndi Area 10 masiku ano. Chipinda cha abwana ndi cha mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, zinazo ndi zocheperapo. Choyamba chimene anachita ndi kuyeza khomo ndi kakhonde ka m'kati, asanayang'ane n'komwe zipinda. Kenako anatulutsa tepi yomata ya pepala n'kujambula pansi kukula kwa desiki ya nduna ija, mamita 2 ndi mkono wake wam'mbali. Tinaima tonse kuyang'ana. Inadya chipinda. Kumbuyo kwake kunatsala malo oti mpando ungalowe koma osabwerera m'mbuyo, ndipo mlendo akanakhala chitseko chikumumenya phewa. Ku showroom desiki yomweyo inkaoneka yapakatikati, chifukwa kumeneko siling'i ili kutali, makoma ndi agalasi kapena kulibe, ndipo diso lilibe poyerekezera. Katundu yense amaoneka wamng'ono mu showroom. Ndinakula ndi kalipentala, koma zimenezi ndinaziphunzira tsiku limenelo kwa mwana woti ndingamubereke.

Malangizo ake ambiri anali otiletsa kugula. Ndinalemba makabati anayi a mafayilo, iye anatsegula mawadiropu omangira kukhoma a m'zipinda zogona n'kunena kuti tingoikamo mashelefu ndi loko, basi. Kumbuyo kwa mpando uliwonse anasiya pafupifupi mita imodzi. Madesiki anawaika cham'mbali mwa windo, kuti dzuwa lisamenye pa sikirini komanso lisalase m'maso. Anawerenga masoketi n'kupeza kuti chipinda chilichonse chili ndi awiri okha, pamalo pomwe mwini nyumba ankaganiza kuti padzakhala bedi, ndiye anasuntha madesiki kutsata masoketiwo m'malo moti tidzayale mawaya pansi anthu azipunthwa. Kapeti anakana. Anati fumbi la Seputembala ndi Okutobala komanso matope a Januwale zingamumalize chaka chisanathe. Makoma anati tipake penti yoyera mopita ku kirimu, yotheka kupukuta, popeza mawindo a nyumbayi ndi aang'ono ndipo ali ndi zitsulo zotchinga akuba, kuwala kolowa n'kochepa.

Pamene anaphonya ndi polandirira alendo. Pa pulani yake anaika mipando iwiri ya munthu mmodzimmodzi ndi katebulo pakati, zokongola ngati pa chithunzi cha pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti. Ndinamufunsa ngati anaonapo Mmalawi akubwera yekha pa nkhani ya ndalama. Kwathu kumabwera mayi wamasiye kudzafunsa za bizinesi ya malemu, ali ndi alamu ake, malume a ana, ndi mwana woyamba woti azimasulira mapepala. Kumabwera a komiti ya banki m'khonde, wapampando, mlembi, msungichuma ndi wina wongoperekeza. Mipando iwiri ikutanthauza kuti akulu awiri akhala, otsalawo aima pakhomo ngati olondera, kapena amayi ayala chitenje pansi, zimene mu ofesi sindingalole. Pamafunika benchi. Anaiwalanso malo a invata ndi mabatire, zimene kuno si zokongoletsa koma ndiye moyo wa ofesi, komanso pomwe antchito angakhale ndi kontena yawo ya nsima masana osadonthezera msuzi pa mafayilo a anthu. Anaseka, anavomera, ndipo pulani yachiwiri inabwera itakonzedwa patatha masiku awiri. Koma ndinazindikira kuti showroom yonse ija ili ndi vuto lomwelo. Ndi ofesi ya dziko lopanda fumbi, lopanda kuzima kwa magetsi, kumene alendo amabwera awiriawiri.

Tsopano mipando, chifukwa apa ndiye pamene sitoloyi ilibe mnzake pa malo onse amene ndinayenda. Aika mzere wa mipando yoposa 10 pafupi ndi desiki imodzi ya msinkhu wamba, masentimita 75, kuti muyese uliwonse mutayandikira desiki monga mmene mudzagwirire ntchito, osati kungokhala pakati pa chipinda manja ali pamiyendo. Ndi kanthu kakang'ono koma kanzeru. Mtsikana uja anandiphunzitsa kuyesa kwake. Mapazi aponde pansi onse, mawondo apinde ngati ngodya ya tebulo, zigongono zifanane ndi pamwamba pa desiki mapewa osakwera. Pakati pa mphepete ya mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Chotsamira chizigwira m'chiuno, pomwe msana umalowa m'kati, osati m'mapewa mokha. Ine ndine wamfupi, ndiye ndikakweza mpando kuti zigongono zifike, mapazi amalendewera. Kwa zaka zonsezi ndimayesa kupweteka kwa msana ndi ukalamba, kani ndi kusowa kopondera.

Mipando yonyezimira ngati chikopa ndiyo imakopa maso, koma yambiri ndi chikopa chabodza. Mu Okutobala imamata kumsana, ndipo ikakalamba imasupuka timagawo takuda tomwe timatsalira pa siketi. Tinasankha ya ukonde kumsana, yodutsa mphepo, ya miyendo 5. Mawilo tinapempha ofewa, chifukwa olimba aja pa matailosi amaterera ndipo amachita phokoso ngati wilibala. Funso limene ndikulangizani kufunsa kulikonse ndi la zida zosinthira. Chimene chimafa msanga pa mpando wa mu ofesi ndi silinda ya mpweya ya pakati ija, imene inapha mpando wanga wakale, kenako mawilo ndi zoikapo manja. Iwo ananditengera kumbuyo n'kundionetsa katoni ya masilinda ndi thumba la mawilo. Masitolo awiri amene ndinayamba ndafikako anangoti "sizimawonongeka", yankho limene limandiuza kuti nditembenuke.

Za mitengo ndiye zinanditopetsa. Mu showroom yonse mulibe kapepala ka mtengo ngakhale kamodzi. Chilichonse ndi "tikupangirani koteshoni", ndipo koteshoniyo imagwira ntchito masiku 7 okha. Ndikumvetsa chifukwa chake. Katunduyu ndi wochokera kunja, wina pa kontena kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam, wina pa lole kuchokera ku Johannesburg, ndipo aliyense amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anaphunzira kusalemba mtengo ndi inki. Ndalama zakunja nazo zikuvuta kupeza. Komabe munthu woyenda ndi bajeti ya abwana amafuna adziwe msanga ngati akutaya nthawi pa mpando woti sangaukwanitse. Ndinakonda mipando iwiri, ndinadikira theka la ola, ndipo pepala litabwera ndinapeza kuti umodzi mtengo wake ndi wa mipando itatu ya mtundu winawo. Akanaika ngakhale timapepala ta mitundu, tobiriwira pa zotchipa, tofiira pa zodula, akanandipulumutsa. Muonetsetsenso ngati mtengo umene akukuuzani pakamwa uli kale ndi VAT. Wanga unalibe, ndipo ndinachita kubwerera kwa abwana kachiwiri ndi nkhope yopempha. China, si zonse zooneka zimene zilipo. Kabati yotsika imene ndinaifuna inali imodzi yokha yoonetsera, zinzake "zili m'njira". Mawu amenewo m'dziko lopanda doko angatanthauze sabata kapena miyezi itatu.

Madesiki a antchito sindinagule kumeneko. Ndinatenga pulani ija, imene tinalipira, n'kupita nayo ku Mchesi kwa bambo wina wachikulire amene anatipangirapo mashelefu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, n'kunena kuti, "Amene wajambula izi amadziwa ntchito, koma dilowa iyi waiika mbali ya chitseko, idzagundana." Anali kunena zoona. Tinagwirizana miyendo yachitsulo yowotcherera, pamwamba paini wokhuthala. Ndinkalakalaka mlombwa, mtengo umene bambo anga ankaulemekeza kuposa yonse, koma masiku ano mlombwa ndi mbawa zouma bwino n'zosowa ndipo mtengo wake ndi woti ukhale pansi kaye. Za mkungudza wa ku Mulanje, umene fungo lake ndimalikumbukira m'kabati ya mayi anga, musafunse n'komwe. Ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo paphiripo unatsala pang'ono kutheratu. Ngakhale paini amene tinkamuyesa wosatha, wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000, moto ndi macheka zinamudya kwambiri, moti matabwa ambiri pamsika ndi a mitengo yaing'ono, ocheka dzulo. Apa ndiye pali ngozi ya kalipentala. Thabwa laliwisi limaoneka bwino tsiku lolandira, pakatha miyezi iwiri lapindika ngati bwato ndipo molumikizira mwatseguka. Madalawo ndinawauza kuti ndidikira, bola matabwa akhale ouma, ndipo ananditengera kuseri kukandionetsa mulu umene unali utasanjikidwa ndi timitengo pakati kuyambira chaka chatha. Anati masabata awiri, anatenga anayi. Pa kuchedwa, Mchesi ndi showroom ndi pachibale.

Abwana okha anakana za ku Mchesi. Anapita okha ku showroom Loweruka, anakwera sitepe ija, ndipo Lolemba anandiuza kuti asankha. Mwamwayi mtsikana uja anawagwira dzanja n'kuwatsitsira pa desiki ya mamita 1.6 ya mtundu womwewo, yopanda mkono wam'mbali. Ndinapempha kuti aiike timiyendo ta pulasitiki kunsi kuti isagunde pansi, ndipo anatiikira osalipiritsa.

Chinthu china chimene chinandiwawa pang'ono: m'nyumba yonse yokongolayo munalibe kanthu kamodzi kopangidwa kuno. Mipando yathu yoluka ija, imene timaiona m'mbali mwa msewu, m'masitolo a ku Cape Town ndi Johannesburg amaigulitsa ndi dzina loti Malawi chair, ndipo anthu amailimbirana. Miphika ya ku Dedza, madengu, nsalu zoti n'kukutira ma cushion, zonsezi zikanakhala bwino polandirira alendo paja m'malo mwa duwa la pulasitiki. Nditamufunsa mtsikana uja anati anayesapo kunena, koma eni sitolo amati makasitomala a maofesi amafuna "zooneka zakunja". Mwina akunena zoona. Ine polandirira alendo pathu ndinaika benchi ya ku Mchesi ya anthu anayi ndi mipando yoluka iwiri, ndipo alendo amathamangira yolukayo.

Kubweretsa katundu ndiye kunali kofooka kwambiri. Analonjeza Lachisanu, ndipo tinatseka ofesi yakale Lachinayi podalira mawu amenewo. Lachisanu foni sinayankhidwe mpaka madzulo, pomwe anati galimoto yapita ku Kanengo. Lolemba anati dalaivala ali pamzere wa mafuta, zimene kuno sungatsutse. Katundu anafika Lachitatu, 4 koloko itadutsa, ndipo masiku onse amenewo owerengetsa ndalama athu anagwira ntchito atakhala pa mipando ya pulasitiki yobwereka kutchalitchi. Anyamata awiri omanga anali akhama, anagwira mpaka mdima ndi tochi ya pafoni, sanapemphe ya fanta. Koma mpando umodzi anaumanga zoikapo manja zitayang'ana kumbuyo, kabati yachitsulo inabwera yopanda makiyi, ndipo pakona ya desiki ya abwana panali pogumuka pang'ono. Mpando anaukonza mawa lake. Makiyi anatenga masabata atatu ndi mafoni osawerengeka, ndipo anabwera pokhapokha nditamuimbira mtsikana uja, ngakhale si ntchito yake. Pogumuka paja anangopakapo utoto. Zikuoneka kuti nzeru zonse za sitoloyi zinathera kutsogolo kumene kuli magalasi, kumbuyo kosungira katundu sikunafike wokonza.

Zing'onozing'ono: poimika galimoto ndi pochepa, magalimoto anayi adzaza. Pakhomo pali masitepe atatu opanda potsetsereka, ndiye munthu wa njinga ya olumala sangalowe m'sitolo yogulitsa mipando, zomwe wokonza malo wanzeru chotere sanayenere kuziphonya. Chimbudzi n'chaukhondo. Amapereka madzi akumwa osachita kupempha.

Kodi ndingakutumizeni? Ngati mukufuna mipando yokhalira tsiku lonse, pitani, ndipo mupite ndi anthu amene adzakhalepo, aliyense ayese wake. Ngati mukutsegula ofesi m'nyumba yogonamo, lipirani kuti adzayeze musanagule kanthu. Pa madesiki ndi makabati, yendani ndi tepi yanu, lembani miyezo ya zipinda ndi makomo papepala, gwadani muone kunsi, ndipo pemphani kuti chimene mwakonda achikokere pafupi ndi windo muchione ndi dzuwa. Tsiku lobweretsa alembe papepala, ndipo musatseke ofesi yakale katundu asanatsike m'galimoto.

Pano ndi Febuluwale, mvula ili pakati. Mipando 6 yonse ili bwino, palibe umene watsika. Dilowa imodzi ya ku Mchesi yayamba kulimba ndi chinyezi, ndaipaka kandulo m'mbali monga ankachitira bambo anga ndipo ikutseguka. Desiki ya abwana sinafufume, koma mnyamata wokolopa ndinamuuza kuti akafika pamenepo azifinya chikolopa kawiri. Abwanawo masiku ambiri amagwirira ntchito pa katebulo kakang'ono ka pawindo, akuti pamawala bwino, ndipo desiki yakuda ija yasenza mafayilo a makasitomala mpaka sikuonekanso mtundu wake. Chopondera mapazi changa ndi kabokosi ka zotsalira za paini, madala a ku Mchesi anandipatsa ulere. Mpando wanga wakale uja uli kugeti. Alonda anadula paipi ya madzi n'kuiveka pa silinda, ndipo sutsikanso.